Mapulogalamu a ojambula ndi olemba khodi: yankho kwa wowerenga wa ku Lizulu

Anaphiri a ku Lizulu alemba motere: "Ndinamaliza maphunziro a kompyuta chaka chatha, ndipo ndimakonzera anthu maposita a misonkhano ya mpingo, makadi a ukwati ndi zikwangwani za mashopu. Laputopu yanga ndi ya kaunjika, ili ndi RAM ya 4GB. Tsopano ndikufuna kuyamba kupanga mawebusaiti. Kodi akatswiri amagwiritsa ntchito mapulogalamu ati tsiku ndi tsiku? Anzanga akuti popanda Photoshop palibe chimene ndingapindule, ndipo wina wandilonjeza kundiikira yothyola. Ndivomere?"

Zikomo Anaphiri chifukwa cha funso lanu, ndiponso chifukwa chotchula kukula kwa RAM ya laputopu yanu, malo amene kompyuta imasungamo zimene ikugwira panthawiyo, popeza ambiri ofunsa za mapulogalamu amaiwala kunena makina amene mapulogalamuwo akagwirepo ntchito. Mutalowa mu ofesi ya olemba mapulogalamu ku Lilongwe, ku Nairobi kapena ku London, zimene mungaone pa sikirini sizisiyana kwenikweni. Mudzapeza Visual Studio Code yolembera khodi (malangizo olembedwa amene kompyuta imatsatira), Git yosungira mbiri ya ntchito, browser ya Chrome kapena Firefox yoyesera zimene zalembedwa, ndi Figma yojambulira maonekedwe a webusaiti kapena a pulogalamu ya pafoni. Kwa okonza zosindikiza mudzapeza Illustrator, Photoshop ndi InDesign za kampani ya Adobe, ndipo m'malo ambiri osindikizira kuno kwathu mudzapeza CorelDRAW. Mayina ndi amenewo, koma kungowatola onse kungakusocheretseni, chifukwa ambiri mwa mapulogalamuwa anapangidwira munthu amene magetsi ake sazimazima, bandulo yake siithera pakati pa mwezi, khadi lake la kubanki limalipira m'madola popanda vuto, ndipo kompyuta yake ili ndi RAM yoposa yanu kanayi. Inu musankhe pulogalamu poona ngati ingagwirebe ntchito netiweki ikathawa, ngati laputopu yanu ingaikwanitse, ndiponso ngati fayilo yotulukamo ingatsegulidwe ndi munthu amene mukumuperekera ntchitoyo.

Ndiyambe ndi Photoshop, chifukwa anzanuwo akuipatsa ulemu umene si wake. Pulogalamuyi, imene inatuluka koyamba mu 1990, inapangidwira kukonza zithunzi zojambulidwa ndi kamera, ndipo pa ntchito imeneyo ndi yabwino ndithu. Chithunzi cha kamera chimapangidwa ndi timadontho tambirimbiri totchedwa mapikiselo, monga momwe mikanda ya Angoni imalukidwira: mukaima patali mumaona maluwa osalala, koma mukayandikira mumayamba kuwerenga mkanda umodziumodzi. N'chifukwa chake logo yokonzedwa yaing'ono mu Photoshop imaoneka bwino pa khadi, koma ikakulitsidwa kuti ikwane pa chikwangwani cha mamita atatu cham'mbali mwa msewu wa M1, m'mphepete mwa zilembo mumatuluka manomano. Zojambula za mtundu wina, zotchedwa vector, sizisunga madontho ayi, koma zimasunga masamu a mizere ndi makhota ake, kotero kuti kompyuta imazijambulanso mwatsopano pa kukula kulikonse popanda kuwonongeka. Malogo, zikwangwani, malebulo a mabotolo a uchi kapena a matumba a kachewere, zonsezi ndi ntchito za vector, ndipo mapulogalamu ake ndi Illustrator, CorelDRAW ndi Inkscape. Ndikaona ntchito zimene mwatchulazi, Photoshop mungaifune mwa apo ndi apo, makamaka powalitsa chithunzi cha akwati kapena pochotsa zakumbuyo kwa nkhope ya mlaliki.

Za yothyolayo, kutanthauza Photoshop yochotsedwa loko wake kuti igwire ntchito osalipira, yankho langa ndi lakuti musavomere. Chiyambire 2013 Adobe inasiya kugulitsa mapulogalamu ake atsopano mogula kamodzi, ndipo tsopano munthu amalipira mwezi ndi mwezi kapena chaka ndi chaka m'ndalama zakunja. Ndalama ya kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo umenewo unakwera pompo kwa aliyense wolandira malipiro ake m'makwacha, choncho ndikumvetsa chimene chimakokera achinyamata ambiri ku mapulogalamu othyola. Komabe taonani mmene amaikidwira. Woikayo amayamba wazimitsa chitetezo cha Windows, kenako amatsegula kafayilo kosadziwika kumene kanachokera n'kukapatsa ufulu wonse pa kompyuta yanu. Mavairasi ambiri oba mapasiwedi amayenda m'njira imeneyi, ndipo amatenga zonse zimene browser inasunga, kuphatikizapo imelo yanu, Facebook ya shopu imene mumayang'anira, ndi tsamba lolowera ku banki. Kuwonjezera apo ndi kuphwanya malamulo a umwini wa zaluso, ndipo munthu wodya thukuta la zojambula zake sayenera kuyamba ntchito poba thukuta la ena.

Zaulere zilipo, ndipo si zachabechabe monga ena amanenera. Inkscape, imene inayamba mu 2003, ndi imene ndikanakonda kuti muidziwe bwino kuposa zonse, chifukwa imagwira ntchito popanda intaneti, imalowa pa laputopu yofooka, ndipo imasunga ntchito mu SVG, mtundu wa fayilo umene browser iliyonse imawerenga, kutanthauza kuti logo yomweyo mudzaiika pa webusaiti osaisintha. Pa zithunzi za kamera pali GIMP, imene inasintha kwambiri itatuluka GIMP 3.0 mu March 2025. Pa timabuku ta masamba ambiri, monga ndondomeko ya mwambo wa maliro kapena kalata ya nkhani za mpingo, pali Scribus. Wina akakutumizirani fayilo ya Photoshop, yotchedwa PSD, Photopea imaitsegula mu browser momwemo. Palinso Affinity, imene kampani ya Canva inagula mu 2024 n'kuyamba kuipereka mwaulere chakumapeto kwa 2025, ngakhale kuti imeneyo imafuna makina amphamvu pang'ono kuposa anuwo. Chofooka chachikulu cha Inkscape ndisakubisireni: imaganiza m'mitundu ya sikirini, RGB, pamene makina osindikizira amasakaniza inki zinayi za CMYK. Mtundu wobiriwira wowala kapena wabuluu woyera umene mukuona pa laputopu ukhoza kutuluka wozimirira papepala, ndipo pa ntchito imene mtundu wake ndi wofunika, monga yunifolomu ya sukulu kapena chizindikiro cha bungwe, njira yake ndi kulowetsa chojambulacho mu Scribus n'kutulutsira PDF kumeneko.

Apa ndi pamene ndimaona achinyamata ambiri akutaya ndalama, osati chifukwa cha pulogalamu yolakwika, koma chifukwa chosafunsa wosindikiza ntchito isanayambe. Kaya mumasindikizira pa boma ku Ntcheu, ku Dedza kapena mumatumiza ku Lilongwe, imbani foni kaye mufunse mtundu wa fayilo umene amalandira. Ambiri amalandira PDF mosavuta, ngakhale iwo eni amagwiritsa ntchito CorelDRAW. Musanatulutse PDF yomaliza, sandutsani zilembo zonse kukhala zojambula, chimene mu Inkscape chimatchedwa Object to Path ndipo mu CorelDRAW ndi Convert to Curves, kuti kompyuta ya wosindikiza isalowetsepo fonti ina ikapeza kuti yanu ilibe. Sungani padera fayilo ina imene zilembo zake sizinasandutsidwe, chifukwa mwini ukwati adzabweranso madzulo kuti tsiku lasintha. Chojambula chimene mtundu wake ukufika m'mphepete mwa pepala chipitirire ndi mamilimita atatu mbali zonse, kuti mpeni wodulira ukaphonya pang'ono pasatsale mzere woyera. Zithunzi za pa khadi kapena kabuku zikhale za 300 dpi, kutanthauza timadontho 300 pa inchi iliyonse, pa kukula kumene zisindikizidwe, pamene za chikwangwani chachikulu zikhoza kuchepera pamenepo popeza anthu amachionera patali. Ndipo potumiza pa WhatsApp, tumizani ngati Document, osati ngati chithunzi, chifukwa WhatsApp imafinya zithunzi n'kuzichepetsa.

Posankha mafonti pali chinthu chimene ife olemba Chichewa tiyenera kuyesa tokha, popeza opanga mafonti ambiri sationa. Mafonti ambiri okongoletsa alibe chilembo cha ŵ, ndipo kasitomala akafuna kuti dzina la dziko lilembedwe Malaŵi, pamalo pa chilembocho pamatuluka kabokosi kapena chilembo cha fonti ina chosagwirizana ndi zinzake. Musanakonde fonti, lembani nayo ŵ, Ŵ ndi mawu onga ng'ombe ndi m'mudzi, muone ngati zonse zakhala bwino. Mafonti a pa Google Fonts ndi aulere ngakhale pa ntchito zamalonda, ndipo banja la Noto linapangidwa ndi cholinga choti likhale ndi zilembo za zinenero zonse.

Canva, imene inayamba ku Australia mu 2013, sindiinyoza. Pa chilengezo cha mwamsanga choti chizungulire m'magulu a WhatsApp imathandiza, ndipo imagwira ntchito ngakhale pafoni. Vuto lake ndi lakuti imadalira intaneti, ndiponso kuti aliyense amatola mapatani omwewo, mpaka posita ya msonkhano wa chitsitsimutso imafanana ndi ya mpikisano wa mpira. Logo ya kasitomala musaimange ndi zithunzi zotola mu Canva, chifukwa zomwezo wina aliyense ali ndi ufulu wozigwiritsa ntchito.

Figma ndi imene ojambula mawebusaiti ndi mapulogalamu a pafoni amaikonda kwambiri masiku ano, ndipo kufunika kwake kunaoneka pamene Adobe inafuna kuigula pa mtengo wa madola 20 biliyoni mu 2022, malonda amene analephereka mu December 2023 oyang'anira mpikisano wa zamalonda ku Ulaya ndi ku Britain atakayikira. Mphamvu yake ndi yakuti anthu angapo amagwira fayilo imodzi nthawi imodzi, ndipo wolemba khodi amawerengamo yekha miyeso, mitundu ndi mafonti osafunsa wojambula. Kwa inu amene mukhala wojambula komanso wolemba khodi nokha, phindu limenelo ndi lochepa, pamene bandulo ikhala ikutha nthawi yonse imene fayilo ili yotsegula. Maonekedwe a webusaiti yambani mwawajambula ndi bolopeni papepala muli ndi kasitomala, mugwirizane zimene zikhale pamwamba ndi zimene zikhale pansi, kenako mupite ku khodi. Figma muiphunzirebe pang'onopang'ono pa akaunti yaulere, chifukwa tsiku lofunsira ntchito ku kampani adzakufunsani za iyo.

Tibwere ku khodi. Visual Studio Code, imene Microsoft inatulutsa mu 2015, ndi yaulere ndipo imagwira ntchito popanda intaneti. Pa RAM ya 4GB iyenda, pokhapokha musaidzaze ndi zowonjezera zambiri. Prettier yokonza kaimidwe ka khodi ndi Live Server yoonetsa tsamba mu browser nthawi yomweyo mukasunga n'zokwanira poyambira. Laputopu ikamalemedwabe, Notepad++ kapena Sublime Text ndi zopepuka kwambiri, ndipo HTML, CSS ndi JavaScript, zinenero zolembera mawebusaiti zimene muyenera kuyamba nazo, sizisamala kuti mwazilembera mu pulogalamu iti. Chida chimene ophunzira amachinyalanyaza chili kale mu browser yanu. Mukadina F12 mu Chrome kapena Firefox mumatsegula zida za olemba mapulogalamu, momwe mungaone tsamba lanu pa kukula kwa sikirini ya foni, mungapeze mzere wa khodi umene walakwika, ndipo mungauze browser kuti iyerekeze netiweki yochedwa ya 3G. Chomalizachi chitani pa webusaiti iliyonse imene mupange. Anthu amene adzatsegule tsamba la sukulu ya ku Bembeke kapena la malo ogona alendo pafupi ndi phiri la Dedza ambiri adzakhala pafoni, ndi bandulo yogula ndi ndalama zochepa, ndipo chithunzi chimodzi cha 5MB choikidwa momwe chinachokera mu kamera chimadya ndalama za munthu amene sanakulakwireni. Chepetsani zithunzi ndi GIMP kapena Squoosh, muzisunge mu WebP, mtundu wa fayilo ya chithunzi wopepuka, ndipo tsamba lonse lidzatseguka msanga.

Mukanandifunsa pulogalamu imodzi yokha imene imasiyanitsa wophunzira ndi katswiri, ndikanatchula Git. Anailemba ndi Linus Torvalds mu 2005 kuti izisunga khodi ya Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta yonse monga imachitira Windows, ndipo lero pafupifupi gulu lililonse la olemba mapulogalamu limaigwiritsa ntchito. Inu mukudziwa kale vuto limene imathetsa, chifukwa ndikukhulupirira kuti mu laputopu yanu muli mafayilo otchedwa posita_yomaliza, posita_yomaliza2 ndi posita_yomaliza_yeniyeni, ndipo pakapita mwezi simudziwanso imene inapita kosindikiza. Git imasunga foda imodzi yokha, koma nthawi iliyonse mukafika pabwino mumapanga chotchedwa commit, n'kulembapo mawu ochepa ofotokoza chimene mwasintha. Mukawononga tsamba Lachinayi, mumabwerera pomwe linali Lachiwiri, ndipo mumaona mzere ndi mzere zimene zinasintha pakatipo. Mukafuna kuyesa maonekedwe atsopano osasokoneza amene kasitomala anavomera kale, mumatsegula nthambi ina, branch, ndipo mukakhutira mumaziphatikiza.

Chimene ambiri sadziwa, ndipo kwa ife n'chofunika kopambana, ndi chakuti Git ndi GitHub ndi zinthu ziwiri zosiyana. Git imakhala mu laputopu yanu ndipo ntchito zonse ndatchulazi imazichita popanda intaneti ngakhale pang'ono. GitHub ndi webusaiti imene inatsegulidwa mu 2008, imene Microsoft inagula mu 2018, ndipo ntchito yake ndi kusunga kope la foda yanu kutali. Choncho mukhoza kugwira ntchito sabata yonse netiweki ikuvuta, n'kudzatumiza zonse ndi lamulo limodzi la git push tsiku limene yakhazikika, ndipo popeza khodi ndi malemba chabe, zotumizidwazo sizidya bandulo kwenikweni. Laputopu ikabedwa mu minibasi kapena ikapsa ndi mphezi ya mu Januwale, ntchito ya makasitomala anu imakhala ilipo. GitHub yomweyo imakhala umboni wa luso lanu kwa olemba ntchito, ndipo kudzera mu GitHub Pages mukhoza kuika pa intaneti mwaulere webusaiti ya HTML, CSS ndi JavaScript, imene ingakhale yoyamba yoonetsera zojambula zanu. Chenjezo ndi lakuti musatumizeko mapasiwedi kapena mndandanda wa mayina ndi manambala a foni a anthu, chifukwa chimene chalowa mu mbiri ya Git chimatsalamo ngakhale mutachifufuta mu fayilo. Mafayilo akuluakulu a zithunzi nawonso si a Git ayi, amenewo akhale pa hard drive yapadera kapena pa Google Drive, koma ma SVG a Inkscape amalowamo bwinobwino chifukwa nawonso ndi malemba.

Kusamala bandulo kuli ndi zida zake. Mu Windows, sonyezani kuti hotspot ya foni yanu ndi Metered connection, kuti kompyuta isamatsitse zinthu zikuluzikulu mwakachetechete. Mabuku ofotokoza HTML, CSS, JavaScript, PHP ndi Python mukhoza kuwasunga mu laputopu kudzera mu DevDocs kapena Zeal, n'kumawawerenga netiweki palibe. Android Studio, yopangira mapulogalamu a pafoni, musaiyandikire pakadali pano, popeza imafuna RAM yosachepera 8GB ndipo imatsitsa magigabaiti angapo isanayambe n'komwe ntchito.

Mukadzafika pa ntchito zosunga kaundula, mwachitsanzo kalabu ya alimi a kachewere ku Tsangano ikafuna kulemba matumba amene membala aliyense wabweretsa, mudzafuna database, nkhokwe yosungiramo kaundula mwadongosolo. SQLite ndi yoyenera kuyambira chifukwa database yonse imakhala fayilo imodzi yosafuna seva, ndipo ndi yomweyo imene ili mu foni iliyonse ya Android. Pa mawebusaiti osintha nkhani kawirikawiri, XAMPP imakuikirani Apache, PHP ndi MariaDB pa laputopu yanu, ndipo pamenepo mukhoza kuphunzira WordPress, pulogalamu yomangira mawebusaiti otere, popanda kulipira hosting, malo osungira webusaiti pa intaneti. Poyesa fomu iliyonse imene mwalemba, lowetsanimo mawu okhala ndi kachizindikiro aka ('), monga ng'oma kapena m'dimba. Khodi yolembedwa mosasamala imasweka ikakumana ndi kachizindikiro kameneka, chifukwa mu SQL, chinenero cholankhulira ndi database, ndi komweko kamene kamatseka mawu, ndipo mpata womwewo ndi umene akuba amalowera pothyola database. Mankhwala ake ndi kugwiritsa ntchito nthawi zonse ma prepared statement, amene amalekanitsa lamulo la SQL ndi mawu amene munthu walowetsa, ndi kusunga malemba mu UTF-8 kuti ŵ uja asasanduke zizindikiro zosamveka.

Ndalama zimene mukanalipira Adobe, ikani pa laputopu yomweyo. Ngati ikadali ndi hard drive yozungulira yakale, kuisintha ndi SSD, chosungira mafayilo chopanda mbali zozungulira, kudzaifulumizitsa kuposa china chilichonse, ndipo ngati RAM yake si yomatirira, kuikweza kufika pa 8GB kudzakulolani kutsegula VS Code, browser ndi Inkscape nthawi imodzi. Batire yabwino nayonso ndi chida cha ntchito, osati chokongoletsera. Dziwaninso kuti Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo malaputopu ambiri a kaunjika sakwanitsa zofunika za Windows 11. Linux Mint imayenda bwino pa makina otere, ndipo Inkscape, GIMP, Scribus, VS Code ndi Git zonse zimapezekamo, koma CorelDRAW, Affinity ndi mapulogalamu a Adobe sanapangidwire Linux, choncho ganizirani zimenezo musanasamuke.

Za ChatGPT, Claude ndi GitHub Copilot, zida za AI zimene zimayankha mafunso ndi kulemba khodi, ndingonena mwachidule. Olemba mapulogalamu ambiri tsopano amazigwiritsa ntchito tsiku lililonse, ndipo zimathandiza kwambiri pofotokoza uthenga wa cholakwika umene simukuumva. Zimalakwitsanso molimba mtima, choncho khodi imene simungathe kuifotokoza nokha musaiike pa webusaiti ya munthu, ndipo Chichewa chimene zalemba muzichiwerenga mofatsa chisanapite pa chikwangwani.

Mukayamba kuyang'anira mawebusaiti ndi masamba a Facebook a anthu ena, mapasiwedi adzachuluka, ndipo kugwiritsa ntchito imodzi paliponse kapena kuwalemba kumapeto kwa kope ndi kuika makasitomala anu pangozi. Bitwarden ndi yaulere ndipo imagwirizanitsa foni ndi laputopu, pamene KeePassXC imasunga zonse mu fayilo yotsekedwa popanda intaneti. Dzina la webusaiti, kaya ndi la .mw kapena la .com, lilembetsedwe m'dzina ndi imelo ya mwini bizinesi osati yanu, kuti tsiku limene mudzasamuke ku Lizulu kapena mudzasiyane naye asadzataye webusaiti yake. Popereka logo, mupatseni SVG ndi PDF zosindikizira, ndiponso PNG yopanda zakumbuyo yoika pa WhatsApp ndi Facebook, ndipo mugwirizane mwa kulemba, ntchito isanayambe, kuti mtengo umene mwatchulawo ukuphatikizapo kusintha kangati.